Mutu 5: Hamisi Sali ku Joni

1. Bulangete la pa Liwonde

Mukadafika kwa Ngokwe chaka chimenecho n'kufunsa kuti Hamisi, mwana wa Che Zubairu, ali kuti, ngakhale kamwana ka Sitandade 1 kakadakuyankhani kuti, "Ali ku Joni." Amayi a pa mjigo ankadziwa choncho. Asodzi a ku Chiuta ankadziwa choncho. Nanga akadatsutsa ndani? Mawuwo anachoka pakamwa pa Che Zubairu eni ake, muazini wa pa mzikiti, munthu amene mawu ake ankaitana mudzi wonse kukaswali.

Koma linali bodza, bodza lamkunkhuniza.

Kunyamuka Hamisi ananyamukadi, chikwama kumsana, monga amachitira anyamata onse a kuno. Ulendo wake unathera pa depoti ya Balaka. Kumeneko anaona foni ikusuzumira m'chikwama cha mayi wina, dzanja n'kumuyabwa. Sanathamange nayo patali. Anamugwira, foni inabwerera kwa mwini wake, iye khoti n'kumupatsa miyezi khumi ndi iwiri.

Tsiku la chigamulo Che Zubairu anakhala pa benchi yakumbuyo, osamuyankhula mwana wawo ngakhale liwu limodzi. Pobwerera anatsika pa Liwonde, nagula bulangete lalikulu lamaluwa. Anafika nalo kumudzi dzuwa lili paliwombo kuti aliyense aone.

"Wafika bwino," anauza anthu. "Watumiza ili."

Odziwa zoona anali atatu basi: bambowo, mkazi wawo Abiti Amosi, ndi mwana wawo wamkazi Jamila, wa Folomu 3 pa sekondale yoyendera ya m'deralo.

Musaganize kuti Jamila anali woyera pa nkhaniyi, iyayi. Bodza limatsekemera. Atagula nsapato za pa kaunjika, mnzake wa m'kalasi Dalesi anamufunsa kumene zachokera. Jamila anayankha akupukuta fumbi, "Achimwene atumiza. Ali ku Kepu tsopano, ku Joni kwawachepera."

Miyezi inayi inatha motero. Ndiye Lachisanu lina, bambo ali ku mzikiti, foni yawo inalira pa zenera. Jamila anayankha.

"Ine ndine Modester Likaka, loya," anatero mawu achizimayi. "Ndikufuna wachibale wa Hamisi Zubairu. Ndaimba kanayi konse, koma bambo akangomva dzinalo amadula. Ndinu ndani?"

"Ndine mlongo wake."

"Bwerani ku Balaka mawa, chonde. Musazengereze. Mnyamatayu sali bwino."

Abiti Amosi atamva sanafunse zambiri. Anamanga matemba ndi chigumu m'kansalu, nauza amuna awo kuti Jamila akukazonda azakhali ake ku Balaka. Bodza lina pamwamba pa linzake.

2. Shamba

Jamila ankayembekeza kuona munthu wa mkanjo wakuda ngati a pa kanema. Anapeza mayi wamfupi, nsapato zafumbi, chikwama chong'ambika pakamwa chifukwa chodzaza mafayilo. Anali m'modzi mwa maloya amene amayenda m'ndende kuthandiza anthu osauka popanda kuwalipiritsa.

Ndendeyo sinditchula dzina lake. Chimene ndinganene n'chakuti fungo lake limakulonjerani musanafike pa geti.

Pamalo oonera akaidi panali waya. Kuseri kwa wayawo kunaima amuna ambiri, ndipo maso a Jamila anamudutsa Hamisi kawiri osamuzindikira.

"Jamila! Ndine pano."

Kalanga ine! Mnyamata uja ankakoka khoka yekha, uyu? Khosi linali litatalika, manja ali mphere zokhazokha, malaya akungolendewera. Jamila anagwira waya, misozi ili chuchuchu.

"Achimwene, simukudya?"

"Timadya kamodzi, nandolo wofumbwa. Koma njala si kanthu, chemwali. Vuto ndi kugona." Anatsokomola kwa nthawi yaitali. "Chipinda chathu akuti anamangira anthu makumi anayi. Dzulo powerenga tinalimo zana limodzi ndi makumi atatu. Akalekale amagona m'mbali mwa khoma. Ife obwera kumene timakhala pakati, pamene amapatcha kuti pa shamba. Umakhala pansi, mnzako pakati pa miyendo yako, iwenso pakati pa miyendo ya wina, mpaka kuche. Miyezi inayi sindinagonepo chotambasuka. Amene ndinkatsamira msana wake ankatsokomola chonchi. Anamutulutsa mwezi watha atamukulunga."

Hamisi anasendera pafupi ndi waya.

"Baba ali bwanji? Amandifunsa?"

Jamila anayang'ana pansi.

"Nanga kumudzi akudziwa?"

"Akuti muli ku Joni."

Hamisi anaseka. "Ndiye ndalemera eti?" Kusekako kunasanduka chifuwa. Analavulira m'kansanza n'kukabisa msanga, koma Jamila anali ataona kale kuti kafiira.

Atatuluka, a Modester anamukhazika pa mwala pansi pa mtengo wa nimu.

"Tamvera, mwanawe. Sindikunamiza kuti mlongo wako ndi wosalakwa. Anaba, ndipo anavomera yekha. Mayi wa foni uja analira tsiku limenelo, misozi yakenso ndi misozi. Koma khoti linamupatsa miyezi khumi ndi iwiri, silinamupatse imfa. M'katimo mwadzaza anthu a nkhuku imodzi, a foni, a ndewu ya pa mowa, kuwaphatikiza ndi zigawenga zenizeni. Ena amalowa ali akuba a tsiku limodzi n'kutuluka ali akuba a moyo wonse. Ena satuluka n'komwe. Ife takhala tikuwauza oweruza kuti si mlandu uliwonse wofunika ndende. Malamulo amalola kuti munthu wolakwa koyamba, pa mlandu waung'ono, akagwire chilango chake kwawo. Amasesa pa chipatala, amakumba dzenje pa sukulu, madzulo n'kukagona kunyumba."

"Ndiye angatuluke?"

"Lachinayi likubwerali woweruza abwera konkuno kudzaunikanso milandu yotereyi. Dzina la Hamisi ndalilembetsa. Koma woweruza satulutsa munthu kuti angopita kumphepo. Afuna kalata ya chidindo yochokera pamalo pamene akagwire ntchito, ndi kholo losaina kuti mwanayo akakhala pakhomo pake. Kuchipatala cha kwanu ndayesa, ali kale ndi anthu awiri. Kwatsala ku sukulu. Popanda kalatayo ndilibe poimira. Ndipo woweruza akapita, kubweranso mwina n'chaka chamawa. Chifuwa chimene wachimvacho sichidikira chaka chamawa."

"Ku sukulu yake iti?" anafunsa Jamila.

"Kodi kwanu kuli sukulu zingati zapafupi?"

Ya pulayimale inali kutsidya kwa dambo, kosayendeka nthawi ya mvula. Yapafupi inali imodzi yokha, yomwe Jamila ankaphunzirako.

3. Mawu a Che Zubairu

Lamulungu masana Jamila anapeza bambo ake akusoka ukonde pakhonde. Anagwada n'kuulula zonse: za foni, za ulendo, za kansanza kofiira.

Che Zubairu anaika singano pansi. Sanakalipe. Bola akadakalipa.

"Wamaliza? Tsopano umve ine. Iwe ukuona ngati ndilibe mtima. Amene uja ndinamunyamula ndine kupita naye ku jando. Ndinamuphunzitsa ndine kupalasa bwato. Tsiku la khoti ndinabwera kuno mtima ukuwawa. Koma nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Iye anaba foni, wonyozeka ndine.

"Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinaima mu mzikiti, pamaso pa Shehe, n'kupempha anthu kuti amuchitire duwa, kumupempherera mwana wanga wa paulendo. Anthu anakweza manja. Astaghafirullah, Mulungu andikhululukire! Lero ndikawauze kuti ndinawanamiza m'nyumba ya Mulungu? Mawa ndikaitana swala, abwera ndani? Adzati wabodza uja wayamba kukuwa.

"Ndipo ukuganiza za iwe mwini? Ndiwe mtsikana. Dzina la pakhomo ndiye chovala chako. Akadzabwera anthu kudzafunsira mbeta, a pa mjigo adzawauza kuti kumeneko n'kwa akuba. Ukufuna mlongo wako azidzakolopa zimbudzi za sukulu anzako akuonerera? Ndende ili ndi mpanda, imabisa munthu. Chilango cha loya wakocho chilibe mpanda.

"Yatsala miyezi isanu ndi itatu. Apirire, ndi mwamuna. Akadzatuluka ndidzakamuchingamira pa Liwonde. Ndidzamugulira chikwama chatsopano ndi jekete, adzatsike pano ngati wochokera ku Joni. Palibe adzadziwe. Adzakwatira, adzakhala munthu. Iwe ukufuna kumupulumutsa miyezi, ine ndikumupulumutsa moyo wake wonse."

"Baba," anatero Jamila, "nanga akapanda kufika miyezi isanu ndi itatuyo?"

"Zimenezo ndi za Mulungu."

"Akamwalira mudzati wamwalirira ku Joni?"

"Ngwamba! Ayi! Usandiyankhe choncho!" Anatola singano n'kuyambanso kusoka. "Nkhaniyi yathera pakhonde pano. Ukaitulutsa, udziwe kuti wandivula pagulu."

Kuseri kwa nyumba Abiti Amosi ankapeta mpunga. Koma lichero linali litasiya kulira kalekale, iye akumvetsera.

4. Mu ofesi ya ahedi

Lolemba pa nthawi yopuma Jamila anadutsa pakhomo pa ofesi katatu. Kachinayi anagogoda.

Ahedi, a Dyton Namacha, anali bambo wa imvi, wodziwika ndi ukali. Anamvetsera osamudula. Jamila atafika pa mawu oti ndende, anawatulutsa osazungulira.

"Achimwene anga sali ku Joni, sala. Ali kundende."

Ahedi anavula magalasi.

"Ntchito ilipo pano, yosowa manja. Maenje a zinyalala adzaza, mpanda wa dimba wagwa. Munthu wofuna kukonza njira zake sindingamukane, ndipo akayamba wachira tidzamupatsa zopepuka. Koma ndikuchenjeze, mwana wanga, usadzati sindinanene. Kalata yotereyi sindilemba ndekha ngati kalata ya tchuthi. Ndikulowetsa munthu wa mlandu pakati pa ana a eni ake. Komiti ya makolo iyenera kukhala pansi n'kuvomereza, ndipo wapampando asaine pambali panga. Wapampando ukuwadziwa, ndi bambo a Dalesi. Amaswali mzere umodzi ndi bambo ako. Komiti ili ndi anthu khumi ndi m'modzi, aliyense ali ndi mkazi kapena mwamuna kunyumba. Ndikawaitana mawa m'mawa, pofika masana nkhaniyi idzakhala itafika ku doko.

"Ana a sukulu ndi ankhanza, ndakhala nawo zaka makumi atatu. Adzakuimba nyimbo. Adzabisa zolembera zawo ukamadutsa. Mlongo wako azidzagwira khasu panja pa windo la kalasi yako, iwe uli m'kati. Si tsiku limodzi, ndi miyezi.

"Ndiye nayi njira. Chitseko ndi icho. Ukatuluka osanena kanthu, ine sindinamve chilichonse, ndipo pakamwa panga pakhala potseka. Ukati ndiitane komiti, madzi akatayika saoleka. Bambo ako akudziwa kuti wabwera?"

"Anandiletsa, sala."

"Ndiye ganiza bwino."

Belu lolowera m'kalasi linalira. Jamila anayang'ana chitseko. Panja ankamva mawu a Dalesi akuseka ndi anzake.

"Aitaneni, sala."

"Watsimikiza?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene ndaona magazi aja ndine."

Ahedi anakoka pepala n'kuyamba kulemba mayina a komiti.

5. Chala cha Abiti Amosi

Zinachitika monga ananenera ahedi, mwinanso kuposa. Lachiwiri komiti inakangana maola awiri. Ena ankati wakuba ndi wakuba, adzatha mabuku. Mayi wina anaimirira n'kunena kuti wakenso mwana anagonapo pa shamba, ndipo anabwera miyendo itatupa ngati mitondo. Anthu anadabwa, poti iwonso ankadziwa kuti mwana ameneyo anali ku Mozambiki. Pomaliza ovomera anapambana ndi munthu m'modzi.

Poweruka Jamila anatuluka ndi kalata ya chidindo m'kati mwa buku la masamu. Pa geti Dalesi anali akudikira ndi gulu lake.

"Tapatukani, anthuni, zidutse nsapato za ku Kepu!"

Kuseka kunali kwa mtima bii. Wina anafuula kuti agwire bwino foni zawo. Jamila anayenda osacheuka, ndipo zinamupweteka kwambiri chifukwa gawo lina la chitonzocho anadziputira yekha.

Ali pafupi kufika kunyumba, azana, kuitana kwa swala ya Asiri ya kumadzulo, inamveka. Jamila anaima chilili pakati pa njira. Mawuwo sanali a bambo ake. Chibadwire sanamvepo munthu wina akuitana pa mzikiti umenewo.

Anawapeza atakhala pakhonde, chisoti chili pa bondo. Anagwada patali n'kutambasula kalata.

"Baba, patsala pakholo. Musaine apa."

Che Zubairu sanayang'ane pepalalo.

"Wakondwa? Shehe wanditumizira mawu kuti ndiyambe ndapuma. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndisanajombepo, ngakhale ndi malungo." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Mwana amene ndikumudziwa ine ali ku Joni. Wa m'kalatayo ndi wako. Wamubereka wekha lero."

"Baba, chonde."

"Ukanyamuka nacho chipepalacho, ukakhale konko kwa azakhali ako. Pakhomo pano sipakhala anthu awiri olamula."

Apo Abiti Amosi anatulukira ku khitchini, manja ali mamba a nsomba. Mayi ameneyu sankayankhula amuna ake akamayankhula, ndipo sukulu sanapiteko. Anapukuta manja pa chitenje.

"Jamila, akuti kholo, kapena akuti bambo?"

"Akuti kholo, amayi."

"Bweretsa cholemberacho."

"Abiti Amosi!" anatero Che Zubairu.

"Bambo a Hamisi, miyezi inayi ndafunda bulangete lanu lija, ndipo sindinagonepo tulo. Anthu akandifunsa za mwana ndimaseka, mumtima ndikulira. Ndatopa. Mudzi uno ndi wa amayi anga, nyumba iyi ili pa dothi lathu. Mwana wanga adzagona muno. Inu mawu anu adzabwerera, anthu amaiwala. Koma manda sabweza munthu."

Jamila anazula kachubu ka bolopeni n'kupaka inki pa chala chachikulu cha amayi ake. Abiti Amosi anadinda mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

Che Zubairu anavala chisoti chawo, natenga nkhafi, n'kulowera njira ya kunyanja osatsanzika.

6. Lachinayi

Jamila ananyamuka Lachitatu, nagona kwa azakhali ake ku Balaka. Lachinayi m'mawa anali pa geti ya ndende, kalata ataikulunga m'pepala la pulasitiki. A Modester anaiwerenga kawiri, naona chidindo, naona chala.

"Bambo anakana?"

"Eya."

"Koma wabwera nayo. Wachita chinthu chimene akuluakulu ambiri chimawakanika." Anaiika pamwamba pa fayilo. "Tiye."

Khoti linakhala pabwalo la m'kati. Panali tebulo limodzi, woweruza ndi mlembi wake, ndipo akaidi oposa makumi asanu anakhala pansi m'mizere padzuwa. Achibale ochepa anaima kumbali, kuseri kwa chingwe. Jamila anasuzumira mzere uliwonse, koma mitu yometa imafanana.

Mlembi ankaitana dzina, munthu n'kuimirira, loya n'kuyankhula. Mkulu wina wa mlandu wa nkhuku anauzidwa kuti akagwire ntchito pa chipatala cha kwawo, ndipo anagwada n'kulira ngati mwana. Mnyamata wina analibe kalata. Woweruza anapukusa mutu, msilikali n'kumubweza m'kati. Jamila anayang'ana kalata yake pa fayilo ya a Modester.

"Hamisi Zubairu!"

A Modester anaimirira, kalata ili m'manja. M'mizere simunaimirire munthu.

"Hamisi Zubairu!"

Akaidi anayamba kuyang'anana. Wina wa kumapeto anaweramitsa mutu.

"Hamisi Zubairu! Kachitatu!"

Msilikali wa ndende anayandikira tebulo, navula chipewa, nanong'oneza mlembi. Mlembi ananong'oneza woweruza. Jamila anaiwala malamulo onse a pamalopo. Anadutsa chingwe n'kugwira mkono wa msilikaliyo.

"Achimwene anga ali kuti? Kalata ndabwera nayo! Ili apo, ya chidindo!"

Msilikaliyo anamuyang'ana, kenako anayang'ana a Modester.

"Potsekula zitseko m'mawa uno, anzake onse a pa shamba anadzuka," anatero. "Iye sanathe kudzuka. Amunyamula pa chitseko kupita naye kuchipatala."

"Ali moyo?"

"Pochoka pano ankapuma."